Ulendo wa ku Kakadu: tipite mwezi uti kuti tione mbalame komanso tiwedze barramundi?

Bambo a Chisomo:
Moni nonse pagulu pano. Ndikudziwa kuti alipo ena mwa inu amene munapondako ku Kakadu National Park, kumpoto kwa Australia, ndiye ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula. Ine ndi mayi a kunyumba takhala tikuponya kangachepe pambali kwa zaka ziwiri kuti tikaone malowa. Koma m'nyumba muno muli mitima iwiri. Iwowa akufuna mbalame, akuti akakhale phee m'mbali mwa dambo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera. Ine changa ndi mbedza, ndikufuna ndikamveko kukoka kwa barramundi ndi manja angawa. Tchuthi chimene andipatsa ku ntchito ndi cha masiku 9 okha. Tipite mwezi uti kuti aliyense abwereko wokhutira? Nanga kuwedza kumaloledwa paliponse m'pakimo?

Nabanda:
Zikomo bambo a Chisomo. Ine ndimakhala ku Darwin ndipo ku Kakadu ndapitako kasanu, nyengo zosiyanasiyana. Poyamba mudziwe kukula kwake, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi malo oti n'kuwazungulira tsiku limodzi. Pakiyo ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 20,000. Kuchoka ku Darwin kukafika ku Jabiru, katauni kamene kali mkati mwake, ndi makilomita pafupifupi 250 pamsewu wa Arnhem Highway, maola atatu pagalimoto.

Chimene chimalamula zonse kumeneko ndi madzi. Mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitsinje imasefukira, zigwa zonse n'kusanduka nyanja yosaya. Nthawi imeneyo mbalame zimabalalika chifukwa chakudya chili ponseponse. Mvula ikakata madzi amaphwa pang'onopang'ono, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala amangotsala m'maiwe owerengeka. Chamoyo chilichonse chimathamangira komweko.

Tsiku lina mu Seputembala ndinafika ku Mamukala dzuwa lisanatuluke. Anamangako kachisakasa m'mphepete mwa dambo kuti anthu azionera mbalame osazidzidzimutsa. Ndisanaone kalikonse ndinayamba kumva phokoso lake, ngati chikhamu cha anthu chikulankhula nthawi imodzi. Kutayera, dambo lonse linali mawangamawanga akuda ndi oyera, atsekwe aja amawati magpie goose, zikwizikwi. Amalowetsa mutu wonse m'matope kukumba timizu ta udzu wa m'dambo, akadzutsa mutu uli thope lokhalokha mpaka m'khosi. Nkhwazi ya pamimba poyera itangodutsa pamwamba, onse anadzuka kamodzin'kamodzi, mphepo ya mapiko awo n'kundifika pamene ndinakhalapo. Mayi a Chisomo akaona zimenezi sadzaiwala. Ine ndikuti Seputembala.

A Phiri:
Achemwali a Nabanda anena zoona pa za mbalame, koma msodzi akawerenga zimenezi aona kuti mwezi wake suli pamenepo. Nthawi ya barramundi ndi pamene madzi akutsika kuchoka m'zigwa kubwerera m'mitsinje, kumapeto kwa Malichi, Epulo yense, mpaka kumayambiriro kwa Meyi. Asodzi a kumeneko amaitcha run-off, ndipo ena amaidikira chaka chathunthu.

Zimayenda chonchi. Miyezi yonse ya mvula tinsomba, tinkhanu ndi ana a achule zimakhala zikuswana m'zigwa zosefukira. Madzi akayamba kuphwa, zonsezi zimakakamizika kutuluka kudzera m'timakwawa ting'onoting'ono. Barramundi sichita kusaka, imangodikira pamathiriro pa khwawa. Mukafika pa mtsinje wa South Alligator mudzaona mzere pamadzi, mbali ina madzi a m'dambo oonekera mkati ngakhale ndi oderako, mbali ina madzi a matope a mumtsinje. Nyambo mumaponya pamzere pomwepo. Barramundi ikameza kansomba pamwamba pa madzi imamveka kuti phu! ngati wina wamenya chigubu chopanda kanthu. Ikakola mbedza imadumpha mtunda wonse, pakamwa yasaa, ikupukusa mutu kuti ilavule nyambo. Pamenepo chingwe chikangolefuka pang'ono, yapita.

Kuipa kwake, nthawi imeneyo misewu yambiri ya fumbi imakhala yotseka, malo ena madzi sanachoke. Ndiponso popanda boti simungachite kanthu.

Bambo a Chisomo:
Ndiye mukundiuza kuti wina mwa ife ayenera kugonja. Zoona, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma za botizo zandidetsa nkhawa a Phiri. Ine ndimaganiza kuti ndikangoima m'mbali mwa mtsinje n'kuponya.

Kondwani:
Za boti musavutike nazo bambo. Ndinaona kanema pa Facebook anthu akuwedza pa Cahills Crossing, ataima pamsewu pomwepo madzi ali m'mawondo, nsomba akukoka bwinobwino. Palibe amene anachita kubwereka boti.

Nabanda:
Achimwene a Kondwani, chonde chonde musalangize munthu zimenezo. Cahills Crossing ndi kamsewu ka simenti kotsika kwambiri kowoloka mtsinje wa East Alligator, polowera ku Arnhem Land. Madzi a m'nyanja akakwera amakankha mtsinjewo kubwerera kumtunda, n'kusefukira pamwamba pa simentipo, nsomba n'kumawoloka nawo. Ng'ona zimadziwa nthawi yake kuposa wotchi. Zimandanda kumtunda kwa kamsewuko, miyendo ya kutsogolo itatambasula pamadzi, kudikira nsomba. Tsiku limene ndinapitako ndinawerenga mitu yoposa 20 ndili pamalo amodzi, ndipo zimenezo ndi zokhazo zimene zinafuna kuoneka. Madzi a pamenepo ndi a thope, dzanja lako lomwe sungalione ukalimiza.

Mu 1987 ng'ona inapha msodzi pamalo omwewo anthu akuona. Mu 2017 inaphanso bambo wina amene amawoloka wapansi. Anthu a mu kanema wanuyo anapulumuka tsiku limenelo, n'chifukwa chake kanemayo alipo. Anamangapo nsanja yoonerapo pamtunda, ndipo ndi amodzi mwa malo abwino kwambiri oonera ng'ona m'paki yonse. Pitani mukaone, koma mukaime pansanjapo.

A Phiri:
Ndiwonjezerepo zimene ndinaona ndi maso anga. Tinali anthu atatu m'boti pa dziwe lina, dzuwa likupendeka. Mnzanga anakola barramundi ya masentimita ngati 70, anailimbana nayo mpaka inatopa, n'kuifikitsa pambali pa boti. Ine ndinali nditagwira kale kaukonde kotungira nsomba. Mnzangayo chifukwa cha chisangalalo anawerama kuti aigwire kukamwa ndi dzanja. Woyendetsa boti anamukoka malaya kumsana mwamphamvu mpaka anagwa chagada m'botimo. Sipanapite nthawi yoti munthu n'kupuma kawiri, madzi anang'ambika, mutu wa ng'ona unatuluka pansi pa boti penipeni, nsomba ija n'kupita ndi nyambo yomwe. Tinakhala pamalo amenewo pafupifupi ola lathunthu, pamadzi pali bata, popanda ngakhale kathovu kosonyeza kuti pansi pali kanthu. Mnzangayo sanalankhulenso mpaka tinafika padoko.

Nsomba yokodwa ikamaphiriphitha imaitana ng'ona. N'chifukwa chake dzanja silituluka kunja kwa boti, mbedza ikakodwa pa nthambi pafupi ndi madzi mumadula chingwe n'kuiwala. Ngati muwedzera kumtunda, imani mamita 5 kuchoka pamadzi, ndipo musabwerere pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku nthawi yofanana. Ng'ona imaloweza mayendedwe a munthu.

Gogo Mbewe:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiponyepo mawu. Wina angadabwe kuti mitsinje ikutchedwa Alligator pamene tikukamba za ng'ona. Dzinalo analipereka ndi Phillip Parker King, woyenda panyanja wa ku Britain amene anafika kumeneko mu 1818. Ataona ng'ona zambiri anaziyesa nyama ina yofanana nazo, dzina n'kukhazikika mpaka lero. Ku Kakadu kuli ng'ona za mitundu iwiri. Ina ndi yaing'ono, ya mlomo wosongoka, imakhala m'madzi opanda mchere a kumtunda ndipo kawirikawiri imathawa munthu. Inayo ndiyo yaikulu, imene yamphongo imatha kupitirira mamita 5. Amaitcha ya m'madzi a mchere, koma dzinalo lisakunamizeni, imakhalanso m'maiwe a madzi abwino kutali ndi nyanja.

Kale zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha alenje a zikopa. Mu 1971 ku Northern Territory, chigawo chimene muli Kakadu, analetsa kuzipha, ndipo lero akuti m'paki yokhayo muli ng'ona pafupifupi 10,000. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani za anthu akale amene ankasambira m'mitsinje imeneyi sizikugwiranso ntchito, mtsinje wa nthawi yawo si wa lero.

Mu 1985 mayi wina wophunzira kwambiri, Val Plumwood, ankapalasa kabwato yekha m'dera la East Alligator. Ng'ona inagunda bwatolo, iye n'kulumphira pa mtengo, koma inamugwira n'kumugudubuza m'madzi katatu. Anapulumuka, n'kukwawa mtunda wautali ali ndi mabala aakulu mpaka anamupeza. Masiku ano mabwato opalasa ndi nkhafi saloledwa m'pakimo, boti liyenera kukhala la injini.

Kondwani:
Ndamva agogo, ndamva achemwali. Ndinalankhula mosaganiza, pepani bambo a Chisomo.

Bambo a Chisomo:
Palibe kanthu achimwene, mwatithandiza chifukwa nanenso maganizo anga anali omwewo. A Phiri, nanga malamulo a kuwedza ali bwanji? Pamafunika chiphaso?

A Phiri:
Ku Northern Territory munthu wowedza mongosangalala safunika laisensi. Chimene mukufunika ndi chiphaso cholowera m'paki, chimene alendo amagula ndipo chimagwira ntchito masiku 7. Koma Kakadu ili ndi malamulo akeake oposa a kunja kwake. Mumawedza ndi chingwe chokha, cha mbedza kapena cha nyambo yopanga, ija ya pulasitiki yooneka ngati kansomba. Nyambo yamoyo ayi. Ukonde ayi, mono ayi, mkondo ayi. Kaukonde kololedwa ndi kotungira nsomba imene yakodwa kale. Mtsinje wa West Alligator ndi wotsekedwa, simuponyamo mbedza. Mbali ya kumtunda kwa msewu wa Kakadu Highway nakonso n'koletsedwa kupatula maiwe ochepa amene anawatchula mayina. Barramundi yosakwana masentimita 55 imabwerera m'madzi. Kupala ndi kutumbula nsomba m'mphepete mwa madzi n'koletsedwa, muyenera kutalikira mamita 50, chifukwa matumbo mukataya padoko mwaitanira ng'ona munthu wobwera pambuyo panu.

Mukangofika, yambani mwapita ku Bowali Visitor Centre pafupi ndi Jabiru. Akakupatsani mapu osonyeza malo otseguka sabata imeneyo, chifukwa zimasintha malinga ndi madzi.

Langizo langa, lipirani woyendetsa boti wodziwa mtsinje, ngakhale tsiku limodzi lokha. South Alligator si mtsinje wophunzirirapo. Madzi a m'nyanja amakwera ndi kuphwa mamita angapo kawiri pa tsiku, mpaka makilomita ambiri kumtunda. Pamene munadutsa bwinobwino m'mawa, masana mupeza chulu cha matope, boti n'kutitimira, ndipo kutsika kuti mukankhe simungayerekeze.

Ndipo mukakola yaikulu, ya masentimita 90 kapena mita, ijambuleni msanga muibweze.

Kondwani:
Apa pokha a Phiri sindikumvetsa. Munthu wasunga ndalama zaka ziwiri, wayenda ulendo wonsewo, wapirira dzuwa, ndiye nsomba yaikulu imene amailota aibwezere m'madzi? Yaing'ono mwati ibwerere, yaikulu mukutinso ibwerere. Nanga adya chiyani?

A Phiri:
Funso labwino mwana wanga, nanenso linandivuta poyamba. Barramundi ili ndi chinsinsi chake. Pafupifupi zonse zimayamba moyo zili zamphongo. Zimakulira m'madzi abwino, m'maiwe ndi m'zigwa, kenako zimatsikira kumathiriro a mitsinje kumene kuli madzi a mchere kukaswana mvula ikamayandikira. Zikakula zaka zingapo, kutalika kukafika masentimita 80 kapena kupitirira, zimasintha n'kukhala zazikazi. Choncho nsomba ya mita imene wagwira ija ndi mayi, ndipo mayi mmodzi wotere amaikira mazira mamiliyoni ambiri pa nyengo imodzi. Ukadya iyeyo wadya nsomba za zaka zikubwerazo. Ya masentimita 60 kapena 65 tenga, lamulo likulola, ndipo ndiyo yokoma mnofu. Zazikulu za m'maiwe nthawi zina zimamveka fungo la thope.

Kubweza kwake kulinso ndi luso. Nyowetsa manja usanaigwire kuti usachotse utelezi wa pakhungu pake. Usaipachike m'mwamba ndi kukamwa kokha, thupi lake ndi lolemera, umaivulaza msana. Dzanja lina kukamwa, lina pansi pa mimba. Samala ndi m'mbali mwa makha ake, ndi mwakuthwa ngati lumo. Ine ndimaphwanyiratu kandevu ka mbedza ndi pulayala kuti izichoka mosavuta, ndipo mbedza yotere ikakulasa wekha chala imatulukanso popanda kung'amba.

Kondwani:
Zamveka. Koma ndinamvanso kuti anthu a kumeneko amaloledwa kusaka atsekwe ndi kulasa nsomba ndi mikondo m'paki momwemo. Mlendo akuletsedwa zimene mnzake akuchita poyera, chilungamo chake chili pati?

Gogo Mbewe:
Kondwani, chilungamo chake chili pa funso lakuti dzikolo ndi la yani. Anthu amenewa, amene kumpoto kwa paki amadzitcha Bininj ndipo kumwera Mungguy, sanabwere kudzakhala m'paki. Paki ndiyo inabwera pa dziko lawo, mu 1979. Malowa anawabwereketsa ku boma kuti akhale paki, ndipo amawayendetsa limodzi ndi bungwe la Parks Australia. Dzina lakuti Kakadu lomwe linachokera ku Gagudju, chimodzi mwa zilankhulo za kumeneko. Pa phanga lina lotchedwa Madjedbebe, akatswiri ofukula zakale analengeza mu 2017 kuti anapeza zizindikiro zoti anthu anakhalapo zaka 65,000 zapitazo. Mu 1981 UNESCO inaika Kakadu pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo ili pamenepo pa zifukwa ziwiri, chilengedwe chake komanso chikhalidwe cha anthu ake.

Bambo a Chisomo, inu amene mumakonda nsomba, musalephere kukwera ku Ubirr. Pa matanthwe a kumeneko anajambulapo barramundi, osati khungu lokha, koma ndi minga ya msana, matumbo, ziwalo zonse za mkati, chilichonse pamalo pake. Munthu wojambula chonchija nsombayo anaitumbula kambirimbiri ndipo amaidziwa kuposa ife tonse pagulu pano. Mukatha kuona zithunzizo mukwere pamwamba pa thanthwe dzuwa likamalowa, muone chigwa cha Nadab chitayala mpaka kumene maso alekezera.

Ndipo pa funso lanu la mwezi, eni dzikolo anayankha kalekale. Iwo sawerenga nyengo ziwiri, amawerenga 6. Kudjewk ndi mvula yamphamvu. Bangkerreng, cha mu Epulo, ndi pamene mphepo ya mkuntho yomaliza imagwetsa udzu wautali. Yekke kumayamba kuzizira ndipo amayamba kutentha tchire pang'onopang'ono, zigamba zigamba, udzu usanaumitsitse, kuti moto woopsa usadzabuke kutsogolo. Wurrkeng ndi nyengo yozizira. Kurrung, kuyambira chapakati pa Ogasiti mpaka Okutobala, kumatentha ndi kuuma, ndiyo nthawi ya atsekwe imene a Nabanda akunena. Kunumeleng mitambo imaunjikana, ziphaliwali zili ng'aning'ani, mvula ili pafupi. Mlendo wa masiku 9 aona imodzi yokha mwa zimenezi.

Mayi a Takondwa:
Ine ndine namwino, ndiloleni ndinene za thupi chifukwa aliyense akukamba za ng'ona. Ng'ona imaopsa, koma chimene chimagwetsa alendo ambiri ndi kutentha. Mu Okutobala ku Jabiru kutentha kumafika madigiri 37 kapena kuposa, tsiku ndi tsiku. Muziyenda m'mamawa ndi madzulo, masana mukhale pamthunzi, madzi akumwa asachoke m'manja. Malungo kulibe ku Australia, koma udzudzu wa kumeneko umafalitsa matenda ena monga Ross River virus, amene amaphwanya mfundo za thupi kwa milungu yambiri. Dzuwa likangolowa m'mbali mwa dambo udzudzu umabwera ngati utsi, choncho malaya a manja aatali, buluku, ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Mukasankha nthawi ya mvula kapena itangotha, musapondeponde m'matope opanda nsapato, makamaka ngati muli ndi bala kapena matenda a shuga. M'dothi la kumeneko muli kachilombo koyambitsa melioidosis, matenda oopsa ndithu.

Kusambira, musalowe m'madzi alionse pokhapokha pali chikwangwani chololeza. Maiwe a m'munsi mwa mathithi amawatsegula akatha kufufuza ngati ng'ona sizinalowemo nthawi ya mvula. Mukagona m'tenti, italikireni mamita 50 kuchoka kumadzi.

Chikondi:
Pepani ndalowerera. Kupatula mbalame ndi ng'ona, nyama zina zilipo? Ana anga akamva kuti paki amayembekezera nyama zikuluzikulu.

Nabanda:
Achemwali, muwakonzekeretse kuti ulemerero wa Kakadu uli m'madzi ndi m'mlengalenga. Mbalame zilipo mitundu pafupifupi 280, gawo limodzi mwa magawo atatu a mitundu yonse ya ku Australia. Pali dokowe wamtali wa khosi lakuda ndi miyendo yofiira amene amamutcha jabiru, pali brolga amene amavina awiriawiri m'chigwa, pali kambalame ka zala zazitali kotchedwa jacana kamene kamayenda pamwamba pa masamba a kakombo osamira. Ana amakondanso kansomba kena kamene kamalavulira madzi tizilombo tili pa tsamba, tikagwa n'kutidya. Pamtunda mudzaona ma wallaby, nyama zodumpha zofanana ndi kangaroo wamng'ono, m'mawa ndi madzulo, mwina dingo, galu wa m'tchire, akudutsa msewu, ndi mileme ikuluikulu italendewera m'mitengo.

Njati mudzazionanso, koma si za kumeneko. Zinachokera ku Asia m'zaka za m'ma 1800, zinaswana mpaka zinawononga madambo. Njira zimene zinkaponda zinasanduka ngalande, madzi a mchere n'kulowa m'madambo a madzi abwino, mitengo n'kuuma. M'zaka za m'ma 1980 anazipha zambiri ndipo madambo ena anabwerera mwakale. Chondimvetsa chisoni kwambiri ndi chule wa poizoni uja amati cane toad. Anamubweretsa ku Queensland mu 1935 kuti azidya tizilombo ta m'minda ya nzimbe, iye n'kuyamba ulendo wake mpaka anafika ku Kakadu mu 2001. Nyama zambiri zomudya zimafa. Ng'azi zikuluzikulu zimene kale zinali ponseponse zinachepa kwambiri, ndipo kanyama ka mawanga oyera kotchedwa quoll kanatsala pang'ono kutheratu m'madera ambiri. Maulendo anga onse asanu sindinakaonepo.

Kwa a mabotinu, palinso udzu woyandama wa salvinia umene umaphimba dziwe lonse n'kulitsamwitsa. Kachidutswa kamodzi kokanirira pa ngolo ya boti n'kokwanira kuwononga dziwe lina. Muziyang'ana boti musanachoke padoko.

A Phiri:
Ndakhala ndikulingalira za funso loyamba lija, ndipo ndikuona kuti ndinaumirira kwambiri pa Epulo. Epulo ndi wa msodzi amene wabwera yekha. Koma barramundi siichoka m'paki mvula ikatha. Zambiri zimatsekeredwa m'maiwe akuluakulu ngati Yellow Water, pafupi ndi Cooinda. Mu Juni ndi Julayi madzi akazizira zimachita ulesi, umaponya tsiku lonse osamva kanthu, ndipo nthawi imeneyo ndi imenenso alendo amadzaza. Koma kumapeto kwa Seputembala madzi akayamba kufunda zimadzukanso, zimadya m'mamawa ndi chakumadzulo, m'mbali mwa kakombo ndi pa mitengo yogwera m'madzi. Simudzagwira zambiri ngati nthawi ya run-off, koma mudzagwira. Ndipo pa dziwe lomwelo ndi pamene mbalame zasonkhana. Bambo akuponya kutsogolo kwa boti, mayi ali kumbuyo ndi choonera patali. Chimene mulipire ndi thukuta, monga anenera mayi a Takondwa, komanso mathithi. Jim Jim Falls nthawi imeneyo amakhala atauma kapena akungodontha.

Mayi a Chisomo:
Moni nonse, ndine mwini nkhani ya mbalameyo. Bambo andipatsa foni kuti ndiwerenge ndekha, ndipo ndawerenga zonse kawiri. A Nabanda, zimene mwafotokoza za ku Mamukala zandikhudza mtima. Ine kutentha ndipirira, mathithi ndilibe nawo ntchito kwenikweni. Tagwirizana kuti tipite sabata yomaliza ya Seputembala. Masiku awiri a ulendo, otsalawo tigawe, atatu ku Jabiru kuti tione Mamukala, Ubirr ndi Cahills Crossing, anayi ku Cooinda. Bambo apeza woyendetsa boti kwa masiku awiri. Chimene ndawapempha pamaso panu nonse n'chakuti asaponde m'mphepete mwa madzi ali okha, ndipo avomera. Funso langa ndi lakuti, maboti oonetsa alendo pa Yellow Water amanyamuka kangapo pa tsiku, ndikwere la nthawi yanji? Nanga galimoto wamba ikwanira?

Nabanda:
Mwasankha bwino mayi. Malo onse mwatchulawo msewu wake ndi wa tala, galimoto wamba ifika. Ya 4x4 imafunika mukafuna ku mathithi a Jim Jim kapena a Maguk. Boti kwerani loyamba, lonyamuka m'mamawa kwambiri, ndipo mulipiriretu masiku angapo m'mbuyo chifukwa ndi limene limadzaza msanga. Nthawi imeneyo nkhungu imakhala itagona pamadzi, abakha oimba mluzu ali mbwee m'mphepete, ng'ona zikutuluka kukaothera dzuwa pa matope. Mukhale mpando wa m'mbali, zigongono mkati. Dzina la eni ake la dziwelo ndi Ngurrungurrudjba, mukamufunse woyendetsa kuti akutchulireni, ambiri mwa iwo amakondwa munthu akafunsa. Mukatsika, Warradjan Cultural Centre ili pafupi pomwepo, nyumba yomangidwa mofanana ndi kamba wa m'madzi, ndipo mkati mwake ndi mozizira bwino pa nthawi imene kunja kwayamba kuwotcha.

Ku Cahills Crossing mufunse nthawi imene madzi a m'nyanja akwere tsikulo, mufike ola limodzi isanakwane. Mukafika madzi ataphwa mungoona simenti ndi matope.

A Phiri:
Bambo a Chisomo, nyambo musagule zambiri musanafike, woyendetsa boti amakhala nazo zimene zikugwira sabata imeneyo. Inu mutenge chipewa cha khonde lalikulu, magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi, ndi pulayala. Mukakola yoyamba, ndodo muitsitse cham'mbali pamene ikudumpha, musaikweze m'mwamba.

Bambo a Chisomo:
Ndalemba zonse a Phiri. Agogo, a Nabanda, mayi a Takondwa, zikomo kwambiri. Mawa ndikalemba kalata ya tchuthi, kuyambira pa 22 Seputembala.